Womanga pagombe asatseke maso a anzake



Pali chuma china chimene sichilembedwa m'kaundula wa malo ndipo palibe amene ali ndi chikalata chake, koma chimatha kulandidwa dzuwa likuswa mtengo popanda wokuwa kuti wakuba. Chumachi ndi zimene maso amaona munthu akaima m'mbali mwa madzi: nyanja yotambalala, mapiri a kutsidya, ndi mzinda monga momwe unakhalira pagombe. Teremu ino tikufuna tikambirane za nyumba zitalizitali zimene zikumangidwa m'mphepete mwa madzi m'mizinda yambiri. Maganizo athu ndi akuti maonekedwe a pagombe ndi a anthu onse, ndipo wofuna kuwateteza ayenera kulankhula maziko asanakumbidwe. Nyumba ikatha, anthu n'kulowamo, ngakhale khoti limasowa pogwira.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenga mzinda umodzi umene ambiri a ife timauona pa makalendala ndi pa zithunzi za mizikiti, mzinda wa Istanbul m'dziko la Turkey. Muli anthu oposa 15 miliyoni, ndipo mzindawu unakhala mbali ziwiri za mpata wa madzi wotchedwa Bosphorus, umene umalekanitsa Ulaya ndi Asia. Chigawo chake chakale chili kumbali ya Ulaya, pamalo azitunda ozunguliridwa ndi madzi mbali zitatu: nyanja ya Marmara kummwera, Bosphorus kum'mawa, ndi nthambi ya nyanja yotchedwa Golden Horn kumpoto.

Pamwamba pa zitundazo ndi pamene pali nyumba zimene zinatchukitsa mzindawu. Pali Hagia Sophia, imene inamalizidwa m'chaka cha 537 ngati tchalitchi ndipo inasanduka mzikiti mzindawu utagwa m'manja mwa ufumu wa Ottoman mu 1453. Pafupi nayo pali mzikiti wa Sultanahmet, wa nsanja zisanu ndi imodzi, umene anayamba kuumanga mu 1609. Pali Topkapı, nyumba imene ankakhalamo mafumu. Chakumpoto, moyang'ana Golden Horn, pali mzikiti wa Süleymaniye. Munthu akakhala pamadzi amaona mzere wa madenga obulungira ndi nsanja zosongoka zitalasa thambo, kumbuyo kwake kulibe kanthu koma mitambo. Mu 1985 bungwe la UNESCO linaika madera akale a Istanbul pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa m'malo mwa anthu a dziko lonse.

Funso loyamba ndi lakuti, amaona zimenezi ndani? Wina angayankhe kuti alendo odzaona malo. Iwo amaonadi, koma ochuluka ndi eni mzinda. Tsiku ndi tsiku sitima zapamadzi zimaolotsa anthu kuchokera ku Üsküdar ndi Kadıköy, kumbali ya Asia, kupita ku Eminönü kumbali ya Ulaya. Okwera ndi anthu wamba opita ku ntchito, ana asukulu, amayi opita kumsika. Kwa mphindi zingapo za ulendowo, wolemera ndi wosauka amaona chinthu chimodzi pa mtengo wa tikiti imodzi. Madzulo mabanja amakhala pagombe la Salacak ku Üsküdar, kumwa tiyi n'kumaonerera dzuwa likulowa kuseri kwa mizikiti. M'mwezi wa Ramadhani, pakati pa nsanja za mizikiti ikuluikulu amakolekapo nyali zolemba mawu, mwambo umene amautcha mahya, ndipo mawuwo anapangidwa kuti aziwerengedwa ndi munthu amene ali patali.

Mmisiri amene anadziwa kutsitsa nyumba

Maonekedwe amenewa sanangochitika mwangozi. Mzikiti wa Süleymaniye unamangidwa pakati pa 1550 ndi 1557 ndi mmisiri wamkulu Mimar Sinan, molamulidwa ndi mfumu Süleyman. Sunali mzikiti wokha. Pozungulira pake panali madrasa angapo, chipatala, khitchini yodyetsera osauka ndi nyumba yosambiramo. Sinan anali ndi ndalama za mfumu ndiponso amisiri ambirimbiri, moti akanafuna akanakweza chilichonse. Koma madrasa awiri a kumbali ya Golden Horn anawamanga motsetsereka, chipinda china m'munsi mwa chinzake ngati masitepe, kutsatira kutsika kwa chitunda. Potero munthu woima pabwalo la mzikiti amaona madzi, ndipo amene ali pamadzi amaona mzikiti. Luso la Sinan limaoneka pa denga lalikulu lija, komanso limaoneka pa nyumba zimene anazitsitsa dala.

Patapita zaka zoposa 450, cha m'ma 2011, anthu a ku Istanbul anayamba kuona chachilendo. Akayang'ana kuchokera kumbali ya Asia kapena ali pa sitima, pakati pa nsanja za mzikiti wa Sultanahmet panali patatulukira nyumba zitatu zatsopano, zotchedwa OnaltıDokuz. Yaitali mwa nyumbazi ili ndi nsanjika zoposa 30. Chodabwitsa n'chakuti nyumbazi sizili pafupi ndi mzikitiwo. Zili ku Zeytinburnu, pagombe la Marmara, makilomita angapo chakumadzulo, kunja kwa malinga akale a mzinda, m'dera limene kale kunali mafakitale ofufuta zikopa. Pa mapu, zili kunja kwa chigawo chakalecho. Koma diso silitsata malire a pa mapu.

Inu ophunzira a masamu mutha kuiona nkhaniyi mosavuta. Nyumba yotalika mamita 100 imene ili pa mtunda wa makilomita 5 imaoneka yofanana msinkhu ndi nyumba ya mamita 20 imene ili pa kilomita imodzi. Mtunda umachepetsa chinthu koma suchifafaniza. Ndiye ngati nyumba yakutaliyo yakwera kupitirira chitunda chimene chili patsogolo pake, mutu wake umasuzumira pamwamba pa chitundacho n'kukhala limodzi ndi zonse zimene zili pamenepo. N'chifukwa chake akatswiri a mapulani a mizinda, akamaunika nyumba yaitali, safunsa za puloti yokha. Amafunsanso kuti nyumbayo idzaoneka kuchokera kuti, ndipo idzaima kutsogolo kapena kumbuyo kwa chiyani.

Taganizirani tsono za malonda amene anachitika pamenepa. Wogula fulati pamwamba pa nyumba yotere amalipira ndalama zambiri chifukwa cha zimene adzaone pa windo lake: nyanja, zisumbu ndi mizikiti yakale. Mtengo wa fulatiyo umakwera chifukwa cha ntchito ya Sinan ndi amisiri ena amene anamwalira kalekale, ndiponso chifukwa cha nyanja imene palibe munthu anaikumba. Womanga amagulitsa kukongola kumene sanakupange, ndipo pokugulitsa amakuchepetsa kwa wina aliyense amene ali panja. Mabanja ochepa amapindula, anthu mamiliyoni amene amaoloka pa sitima amataya, ndipo otayawo palibe anawafunsa kapena kuwalipira.

Chigamulo chimene chinachedwa

Anthu sanakhale chete. Nkhani inapita kukhoti, ndipo mu 2013 khoti la ku Istanbul linagamula kuti nsanjika zimene zikuwononga maonekedwe a mzinda zigwetsedwe. Mu 2014 bwalo lalikulu loona milandu yokhudza boma, lotchedwa Danıştay, linagwirizana ndi chigamulocho. Ngakhale Recep Tayyip Erdoğan, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ndipo kale anakhalapo meya wa mzindawu, ananena poyera kuti anapempha mwini nyumbazo kuti azidule koma sanamumvere. Mu 2017, ali pulezidenti, anavomereza pagulu kuti atsogoleri anaulakwira mzinda wa Istanbul pa nkhani ya zomangamanga, ndipo anadziwerengera iye mwini m'gulu la olakwawo.

Komabe zaka zinadutsa nyumba zija zili chiimire. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Mafulati anali atagulitsidwa, anthu ali ndi zikalata zawo, ndipo womanga anali ndi chilolezo chimene anapatsidwa ndi akuluakulu a boma. Kudula nsanjika za pamwamba pa nyumba imene pansi pake mukukhala mabanja ndi ntchito yoopsa komanso yodula. Ndiye pali funso la chipukutamisozi: alipira ndani, womanga kapena khonsolo imene inavomereza? Ngati ndi khonsolo, ndiye kuti ndalamazo zichokera m'misonkho ya anthu omwe aja analandidwa maonekedwewo. Apa ndi pamene mwambi wakuti madzi akatayika saoleka umakwanira bwino.

Tiyerekeze ndi nkhani zina za mumzinda womwewo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, hotela yaikulu yotchedwa Park Otel inkamangidwa pamtunda woyang'ana Bosphorus, pafupi ndi Taksim. Anthu a m'deralo ndi mabungwe a akatswiri a zomangamanga analimbana nayo ikadali chigoba, ndipo nsanjika zake zapamwamba zinagwetsedwa. Mlatho wa sitima zapamtunda wooloka Golden Horn, umene unatsegulidwa mu 2014, anautsitsa nsanamira zake ukadali pa pulani, UNESCO itachenjeza kuti zidzaphimba Süleymaniye. Ambiri amadandaulabe ndi mlathowo, koma ukanaposa pamenepo. Mu 2022, nyumba ina ya bungwe lothandiza maphunziro inayamba kukwera kutsogolo kwenikweni kwa Süleymaniye, anthu anakuwa zithunzi zake zitafala, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa ili pakati. Pa nkhani zitatuzi mawu a anthu anagwira ntchito chifukwa anamveka makiyi asanaperekedwe. M'mera mpoyamba.

Nkhani ya 2022 ili ndi phunziro lapadera kwa ife. Womangayo sanali wamalonda wofuna phindu la mafulati, linali bungwe la zolinga zabwino. Cholinga chabwino sichichepetsa msinkhu wa khoma. Sukulu, hositelo, chipatala ngakhale mzikiti umene, zikamangidwa pamalo olakwika zimatseka maso a anthu mofanana ndi hotela.

Malamulo amene anaona patali

Wina angaganize kuti kudandaula za maonekedwe ndi khalidwe la masiku ano la anthu okhuta. Mbiri ya mzindawu ikutsutsa zimenezo. Kale, uli kutchedwa Constantinople, mfumu Zeno amene analamulira kuyambira 474 mpaka 491 anakhazikitsa lamulo la zomangamanga. Lamulolo linkafuna kuti pakati pa nyumba ziwiri pazikhala mpata wa mapazi 12, ndipo linkaletsa munthu kumanga motsekera mnzake nyanja pokhapokha ngati nyumba ziwirizo zatalikirana mapazi 100. Mfumu Justinian pambuyo pake analamula kuti lamuloli ligwire ntchito m'mizinda ina ya ufumuwo. Zaka zoposa 1,500 zapitazo, anthu anali ataona kale kuti kuyang'ana nyanja ndi chinthu chimene woyandikana naye angakulande.

M'zaka za m'ma 1930, boma la Turkey linaitana katswiri wa ku France, Henri Prost, kuti akonze pulani ya mzinda. Pakati pa zimene anasiya panali muyeso wosavuta: m'chigawo chakale, malo onse okwera kupitirira mamita 40 kuchokera pa madzi a nyanja sankaloledwa kukhala ndi nyumba zazitali. Zambiri za pulani ya Prost anthu amazitsutsa, makamaka misewu ikuluikulu imene inagwetsa nyumba zakale, koma muyeso umenewu unathandiza kuti mizikiti isamire pakati pa makoma a simenti. Mu 1983 kunabwera lamulo la Bosphorus, limene linagawa magombe potengera zimene munthu amaona ali pamadzi. Dera loonekera kutsogolo linapatsidwa malamulo okhwima kwambiri, dera la kumbuyo ofewerapo.

Nzeru ya malamulo awiri omalizawa ndi yakuti anayeza kuchokera pamene paima munthu wamba. Kufooka kwake kunali kwakuti amene anawalemba ankaganiza za nyumba za nthawi yawo ndi za malire a dera lotetezedwa. Sanalingalire kuti tsiku lina munthu adzamanga kunja kwa malirewo nyumba yaitali moti n'kusuzumira mkati. Lamulo loteteza maonekedwe liyenera kutsata mzere wa diso mpaka kumene ukuthera.

Zimene otsutsa anganene

Tisanamizane kuti mbali inayo ilibe mfundo. Choyamba, anthu 15 miliyoni ayenera kugona penapake, ndipo mzinda ukaletsedwa kukwera umatambalala n'kudya nkhalango ndi minda. Chachiwiri, Istanbul ili m'dera la zivomerezi. Chivomerezi cha 1999 ku İzmit, kufupi ndi mzindawu, chinapha anthu oposa 17,000, ndipo cha mu February 2023 kummwera kwa Turkey chinapha oposa 50,000. Nyumba zambiri zakale ndi zofooka ndipo ziyenera kumangidwanso. Chachitatu, ntchito yomanga imalemba anthu ambiri ndipo imabweretsa misonkho. Munthu wopanda pogona sangadye maonekedwe a nyanja.

Mfundozi ndi zoona, koma sizikuyankha funso lathu. Sitikunena kuti nyumba zazitali zisamangidwe, tikufunsa kuti zimangidwe pati. Mzinda uli ndi malo ambiri kumtunda kumene nyumba ingakwere osaima kumbuyo kwa mizikiti yakale, pamene gombe ndi kamzere kopyapyala kamene sikangawonjezeredwe. Komanso mafulati a pamwamba oyang'ana nyanja sagulidwa ndi mphunzitsi kapena dalaivala wa basi amene akuvutika ndi lendi. Kulimba kwa nyumba pa chivomerezi kumadalira nthaka, zitsulo, simenti ndi kukhulupirika kwa woyendera ntchito, ndipo nyumba ya nsanjika zisanu itha kumangidwa molimba. Za ndalama nazo zili ndi mbali ziwiri. Mzinda wa Liverpool ku England unaikidwa pamndandanda wa UNESCO mu 2004 chifukwa cha madoko ake akale, koma mu 2021 unachotsedwapo chifukwa cha zomangamanga zatsopano za pagombe.

Mfundo yolemera kwambiri ndi ya ufulu wa mwini malo, ndipo akuluakulu amene anaphunzira fiqhi akudziwa kuti maulama anaikambirana kwambiri. Ku Tunis, m'zaka za m'ma 1300, kunali mmisiri womanga dzina lake Ibn al-Rami amene makadhi ankamutuma kukaona mikangano ya anthu oyandikana nyumba, ndipo analemba buku la zigamulo za zomangamanga. Ufumu wa Ottoman nawo, pakati pa 1869 ndi 1876, unasonkhanitsa malamulo a fiqhi m'buku lotchedwa Mecelle. Tinene mosabisa: Mecelle siiwerengera kutsekeredwa maonekedwe a pa windo lako ngati kuvulazidwa kwakukulu. Chimene imaletsa mwamphamvu ndi kutsekera mnzako kuwala konse mpaka m'nyumba mwake muchite mdima, ndiponso kutsegula windo losuzumira pabwalo pamene amayi a m'nyumba ya mnzako amagwirapo ntchito zawo.

Ndiye kodi womanga nyumba yaitali wapambana mlandu? Ife tikuona kuti ayi. Zigamulo zimenezo zimanena za anthu awiri oyandikana, wina akudandaula za windo lake. Nkhani ya Istanbul ndi ya munthu mmodzi ndi mzinda wonse. Mecelle yomweyo ili ndi mfundo yakuti munthu mmodzi apirire kutaya pang'ono ngati potero gulu lipulumuka ku vuto, ndipo imateteza msewu wa anthu onse kuti wina asaulowerere ndi chomanga chimene chikuvutitsa odutsa. Gombe limene mzinda wonse umapumirapo lili pafupi ndi msewu wa onse kusiyana ndi windo la munthu mmodzi. Kuonjezera apo, nyumba ya nsanjika 30 imasuzumira m'mabwalo a mabanja ambiri nthawi imodzi, chinthu chimene makadhi akale sankachilola ngakhale pa windo limodzi.

Nanga kwathu kuno?

Pagombe la nyanja ya Malawi palibe nyumba za nsanjika 30, ndipo wina angati nkhaniyi ndi ya eni ake. Koma chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Masamu aja amagwiranso ntchito pa zinthu zazifupi. Munthu amene maso ake ali pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, akaima mamita 10 kuchokera pa mpanda wotalika mamita 2, sangaone phiri la mamita 250 limene lili pa mtunda wa makilomita 5. Mpanda wa njerwa umachita kwa woyenda pansi zimene nyumba yaitali imachita kwa mzinda. Amene munayendapo pamsewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay ku Salima, mukudziwa kuti pali malo amene nyanja ili pafupi koma munthu amangoona mipanda ndi mageti a malo ogona alendo ndi nyumba zopumulirako anthu opata.

Kwathu kuno nkhaniyi imapitirira maso. Kumene kwatsekedwa maonekedwe, kawirikawiri kwatsekedwanso njira ya kudoko. Msodzi amafuna pokocheza bwato ndi poyanika usipa. Amayi amafuna potunga madzi, pochapa ndi posamba popanda wowasuzumira kuchokera pakhonde la m'mwamba. Msodzi amawerenganso nyengo poyang'ana madzi ndi mitambo ya kutsidya, kuti adziwe ngati mwera ukubwera asanalowe panyanja. Ndipo madzi atakwera mu 2024, nyumba zambiri zimene zinamangidwa mofinya nyanja zinalowa madzi, kusonyeza kuti kusiya mpata pagombe kumateteza ngakhale womangayo.

Sitikudana ndi ntchito zokopa alendo. Ana athu ambiri amapeza ntchito m'malo amenewa ndipo dziko limapezapo ndalama. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear ili pamndandanda wa UNESCO kuyambira 1984, chaka chimodzi Istanbul isanaikidwepo, ndipo alendo amabwera kudzaona madzi oyera, zisumbu ndi mapiri. Wowononga maonekedwe amenewo akudula nthambi imene wakhalira. Mwayi umene tili nawo ndi wakuti m'malo ambiri simenti sinathiridwe. Zimene anzathu a ku Istanbul analephera kugwetsa, ife tikhoza kuzipewa zikadali papepala.

Kwa makolo, pempho lathu ndi ili. Ena mwa inu muli ndi malo kunyanja, ena mumakhala m'makomiti a malo a m'midzi amene anadza ndi lamulo la malo a makolo la 2016, ena muli m'makomiti a chitukuko ndipo mumakumana ndi makhansala. Munthu akabwera kudzagula malo a pagombe, musafunse za mtengo wokha. Funsani kuti adzamanga chotalika bwanji, mpanda udzafika pati, njira ya kudoko idzadutsa pati, ndipo zimenezo zilembedwe pamaso pa mfumu ndi mboni. Funsani kukhonsolo ngati pulani yake inavomerezedwa monga lamulo la mapulani a malo la 2016 likufunira. Kufunsa pa nthawi imeneyo n'kotchipa. Kufunsa nyumba itafoleredwa kumafuna maloya.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti, tikupempha mwaulemu kuti muyeso umenewu uyambire pakhomo pathu. Tikamakulitsa mzikiti, madrasa kapena hositelo ya ana, tisanavomereze pulani tiyeni tikaime pabwalo la woyandikana nafe, kaya ndi Msilamu kapena ayi, n'kuona chimene khoma lathu lidzamutsekere. Tione kumene mawindo a m'mwamba adzayang'ane. Ngati pali njira imene anthu akhala akudutsamo popita kumadzi, tiisiye yotsegula ngakhale puloti itilola kuitseka. Sinan anali ndi chilolezo cha mfumu ndipo anatsitsabe madrasa ake.

Kwa inu ophunzira, ena mwa inu mudzakhala mainjiniya, ojambula mapulani a nyumba, maloya ndi ogwira ntchito m'makhonsolo, insha Allah. Nyumba za ku Zeytinburnu sizinamere usiku ngati bowa. Panali amene anajambula, amene anasintha pulani ya dera ndi amene anasaina chilolezo, ndipo onsewo anali anthu ophunzira. Tsiku lina pepala lotere lidzafika pa desiki yanu. Musanasaine, nyamukani mukaime pagombe pamene pamaima msodzi ndi mayi wotunga madzi, muyang'ane kumene nyumbayo idzakhale, ndipo muwerengere chimene chidzabisike. Pakadali pano yambani kuzolowera. Holide ikubwerayi, amene mupite kunyanja yesani kuwerenga njira zofikira kumadzi zimene zatsala m'mudzi mwanu, mufunse agogo kuti kale zinalipo zingati, ndipo mudzatiuze teremu ikatsegulidwa.